Abusa akuti tivotere "munthu wa Mulungu", koma khalidwe lake likundikayikitsa

"Abambo, ndine mayi wa zaka 47. Kwathu ndi ku Ntcheu koma ndakhala ku Indiana, m'dziko la America, zaka 19, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Chaka chatha ndinalumbira kukhala nzika ya dziko lino, choncho chisankho chikubwerachi ndi choyamba kwa ine. Kutchalitchi kwathu abusa satchula dzina la munthu, koma aliyense amadziwa amene akunenedwa. Akuti Mkhristu weniweni sangavotere chipani chimene chimalola kuchotsa mimba. Inenso kuchotsa mimba sindigwirizana nako. Koma ena mwa atsogoleri amene akutiuza kuti ndi a Mulungu ali ndi mbiri ya chigololo, mabodza ndi mwano, ndipo mmene amayankhulira za ife obwera zimandipweteka mumtima. Nditafunsa mayi wina amene timapemphera naye limodzi, anandiyankha kuti sitikusankha m'busa, tikusankha mtsogoleri. Mwana wanga wamkazi amene ali kukoleji akuti aliyense wopembedza kwambiri sayenera kukhala pampando waukulu. Amuna anga akuti ndisiye kuganiza kwambiri. Kodi ndikuchimwa pokayika? Nanga munthu woyenera udindo waukulu ndingamudziwe bwanji?"

Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo. Simukuchimwa. Kukayika kwanuko ndi chizindikiro chakuti chikumbumtima chanu chili maso, ndipo voti ya munthu wotere ndiyo imene dziko limafuna. Ndaphunzitsa za ndale ndi chipembedzo kwa zaka zambiri, ndakhalaponso mkulu wa mpingo, ndipo funso lanuli ndalimva kwa ophunzira, kwa abusa, ngakhale kwa azungu obadwira komweko amene makolo awo akhala akuvotera chipani chimodzi kuyambira kalekale. Simuli nokha. Ine sindikuuzani dzina loti muchonge, chifukwa imeneyo si ntchito yanga. Koma ndikufotokozerani kumene nkhaniyi inachokera, kenako ndikuuzani muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito.

Tiyambe ndi mwana wanu, chifukwa yankho lake ndi lalifupi. Malamulo oyendetsera dziko la America, amene analembedwa mu 1787, amanena mu gawo lachisanu ndi chimodzi kuti munthu asayesedwe chipembedzo chake kuti akhale paudindo wa boma. Kwa pulezidenti amangofuna zinthu zitatu: akhale nzika yobadwa, akhale ndi zaka zosachepera 35, ndipo akhale atakhala m'dzikolo zaka 14. Lamulo limeneli limateteza mbali zonse. Mu 1961 Khothi Lalikulu linagamula kuti boma la Maryland silingakakamize munthu kulumbira kuti amakhulupirira Mulungu kuti apatsidwe ntchito ya boma. Mu 1978 khothi lomwelo linathetsa lamulo la ku Tennessee limene linkaletsa abusa kuyimira paudindo wa ndale. Choncho wosapemphera ali ndi ufulu, m'busa nayenso ali ndi ufulu. Mumuuze mwana wanuyo nkhani ya kwanu komweko ku Indiana. Mu 2017, mayi Amy Coney Barrett, amene ankaphunzitsa zamalamulo pa yunivesite ya Notre Dame pafupi ndi South Bend, anafunsidwa mafunso ndi masenata asanapatsidwe udindo wa woweruza. Senata Dianne Feinstein anawauza kuti chiphunzitso cha mpingo wawo chikumveka mokweza mwa iwo, ndipo ananena izi ngati chinthu chodetsa nkhawa. Anthu ambiri, ngakhale osagwirizana ndi mayi Barrett, anaona kuti pamenepo senatayo anadumpha malire. Munthu afunsidwe za zigamulo zake ndi ntchito zake, osati kuti amapemphera kangati pa sabata. Zofanana ndi zimenezi zinamuchitikira John F. Kennedy mu 1960, pamene abusa ambiri achipulotesitanti ankati Mkatolika sangalamulire America chifukwa adzamvera Papa. Anachita kupita ku Houston kukayankhula pamaso pa abusawo kuti aziona ngati nzika, osati ngati nthumwi ya mpingo wake.

Koma lamulo loletsa boma kuyesa chipembedzo silikuletsani inuyo kuganizira chikhulupiriro chanu povota. Chikumbumtima simuchisiya pakhomo polowa m'kachipinda kovotera.

Tsopano abusa anu. Zimene amalalikazo sizinayambe ndi iwo, ndipo si zakale kwambiri monga mmene ambiri amaganizira. Gulu limene ku America amalitcha Christian Right, ndiye kuti Akhristu amene anagwirana manja ndi andale osunga miyambo yakale, makamaka a chipani cha Republican, linaumbika cha m'ma 1970. Zinthu zingapo zinawawa anthu amenewa. Mu 1962 Khothi Lalikulu linaletsa mapemphero okonzedwa ndi boma m'sukulu za boma. Mu 1973 linagamula mlandu wa Roe v. Wade, umene unapereka ufulu wochotsa mimba m'dziko lonse. Panalinso nkhani imene ambiri sakonda kuitchula: boma linayamba kulanda mwayi wosalipira msonkho kwa sukulu za mipingo zimene zinkasankhana mitundu, monga yunivesite ya Bob Jones ku South Carolina, imene inagonja mlandu wake mu 1983. Akatswiri a mbiri amatsutsana kuti mwa zinthu zimenezi chinayatsa moto kwambiri ndi chiti, koma zonse zinali m'mbale imodzi, ndipo inu monga mayi wakuda muyenera kuzidziwa zonse. Dziwaninso kuti mu 1971 msonkhano waukulu wa mpingo wa Southern Baptist unavomereza kuti mimba ingathe kuchotsedwa pa zifukwa zina, monga kugwiriridwa. Panthawiyo amene ankalimbana kwambiri ndi kuchotsa mimba anali Akatolika. Ma evangelical, ndiye kuti Akhristu achipulotesitanti amene amatsindika za kubadwanso mwatsopano, anadzalowa nkhondoyi pambuyo pake.

Mu 1979 m'busa Jerry Falwell wa ku Lynchburg, Virginia, anayambitsa bungwe la Moral Majority mothandizana ndi Paul Weyrich. Chaka chotsatira kunachitika chinthu chimene chimayankha theka la funso lanu. Pampando panali Jimmy Carter, mlimi wa mtedza wa ku Plains, Georgia, mwamuna wa mkazi mmodzi, mphunzitsi wa Sande sukulu, munthu amene ankanena poyera kuti ndi wobadwanso mwatsopano. Wopikisana naye anali Ronald Reagan, amene anali atasudzulapo mkazi, sankapitapita kutchalitchi, ndipo ali bwanamkubwa wa California mu 1967 anasaina lamulo lofewetsa kuchotsa mimba. Atsogoleri a Christian Right anasankha Reagan. Chifukwa chake n'chakuti Reagan analonjeza mfundo zimene iwo ankafuna, pamene Carter sanatero. Ku Dallas, mu Ogasiti 1980, Reagan anauza khamu la abusa kuti akudziwa kuti iwo sangamuvomereze poyera, koma iye akuwavomereza iwowo. Kuyambira pamenepo gululi lakhala likuika patsogolo mfundo ndi oweruza a makhothi, osati moyo wa mapemphero wa munthuyo. Ndiye mayi amene anakuuzani kuti sitikusankha m'busa sananene zachilendo. Ananena zimene gululi lakhala likuchita zaka zoposa 40.

Vuto ndi lakuti si zimene lakhala likunena nthawi zonse. Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa, ndipo ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga.

Mu 1998 ndinali ku America pa maphunziro, ndipo ndinkapemphera pa tchalitchi china cha kum'mwera kwa dzikolo. Inali nthawi imene nkhani ya pulezidenti Bill Clinton ndi mtsikana wogwira ntchito ku White House inali pakamwa pa aliyense. Lamulungu lina m'busa wathu anatseka Baibulo, n'kuvula magalasi, n'kunena ndi mawu onjenjemera kuti mwamuna amene wanamiza mkazi wake sangalephere kunamiza dziko. Ndinakhala pafupi ndi gogo wina wamwamuna amene ankapukuta misozi ndi kampango, akugwedeza mutu. Ine ndinavomereza ulaliki umenewo, ndipo mpaka lero ndimauvomereza. Mu Juni chaka chomwecho, msonkhano waukulu wa Southern Baptist ku Salt Lake City unakhazikitsa chigamulo chonena za khalidwe la atsogoleri a boma, chochenjeza kuti kulekerera zoipa za atsogoleri kumaumitsa chikumbumtima cha mtundu wonse. Ndinabwereranso pa tchalitchi chomwecho mu Okutobala 2016, patangopita masiku ochepa chitulukireni mawu ojambulidwa a Donald Trump akudzitama za mmene amagwirira akazi. Potuluka m'mapemphero tinapeza timapepala tolangiza anthu povota titapanikizidwa pa magalasi a galimoto zonse. Mnzanga wina wakalekale, amene mu 1998 tinkapemphera limodzi kuti Mulungu achotse manyazi pa dziko, anandigwira paphewa n'kundiuza kuti tonse ndife ochimwa, nkhani ndi ya Khothi Lalikulu basi. Sindinamuyankhe msanga. Ndinkangoona nkhope ya gogo uja ndi kampango kake.

Zimene ndinaonazo zinayezedwa. Bungwe lofufuza maganizo a anthu la PRRI linafunsa ngati mtsogoleri amene wachita zosayenera pa moyo wake wamseri angathebe kugwira ntchito ya boma mokhulupirika. Mu 2011, mwa ma evangelical achizungu 100 alionse, 30 okha ndi amene anavomera. Mu 2016 anakwera kufika pa 72. Pa chisankho cha chaka chimenecho, pafupifupi 81 mwa 100 alionse a gululi anavotera Trump. Chiphunzitso cha Baibulo sichinasinthe m'zaka zisanu zimenezo. Chimene chinasintha ndi chipani cha munthu wochimwayo.

Ndisakunamizeni kuti matendawa ali mbali imodzi. Mu 1998 ambiri a chipani cha Democratic, kuphatikizapo omenyera ufulu wa amayi, anatchinjiriza Clinton n'kumati imeneyo ndi nkhani ya m'banja mwake. Ndipo mu 2024 anthu oyandikana ndi pulezidenti Joe Biden anapitiriza kunena kuti ali bwinobwino, mpaka mtsutso wa pa wailesi ya kanema mu Juni unaonetsa dziko lonse kuti ukalamba wamugwira, ndipo anasiya mpikisano mu Julayi. Inu amene mumasamalira okalamba tsiku ndi tsiku mukudziwa bwino kuposa ine kuti mphamvu za thupi ndi za maganizo nazonso ndi gawo la kuyenera udindo. Aliyense amaona chitsotso cha mnzake.

Muyeneranso kumvetsa kuti amene anavota motero si onse achinyengo. Ambiri anawerengera mozama. Iwo amakhulupirira kuti mwana wosabadwa ndi munthu, ndipo kwa iwo palibe nkhani ina yolemera kuposa imeneyo. Anadziwa kuti woweruza wa Khothi Lalikulu amakhala paudindo moyo wake wonse, pamene pulezidenti amakhala zaka zinayi kapena zisanu ndi zitatu. Ndipo anapeza zimene ankafuna: Trump anasankha Neil Gorsuch, Brett Kavanaugh ndi mayi Barrett aja, ndipo pa 24 Juni 2022 khothilo linagwetsa chigamulo cha Roe. Munthu amene anapempherera tsiku limenelo zaka 49 simungamuuze kuti voti yake inapita pachabe. Chimene ine ndimakana ndi kusintha dzina la chinthucho. Kunena kuti "ndikudziwa kuti munthuyu ali ndi zoipa zazikulu, koma ndamusankha chifukwa cha mfundo iyi, ndipo ndidzamudzudzula akalakwa" ndi kuyankhula kwa munthu woona. Kunena kuti ndi wodzozedwa wa Mulungu, womutsutsa akutsutsa Mulungu, ndi chinthu china, ndipo n'choopsa.

Mudzamva mayina awiri a m'Baibulo: Davide ndi Koresi. Adzakuuzani kuti Davide anachita chigololo ndi kupha koma anali munthu wa pamtima pa Mulungu. N'zoona, koma werengani 2 Samueli 12 yonse. Natani anapita kwa mfumu n'kuiuza pamaso kuti munthuyo ndi iyeyo, Davide anavomera kuti wachimwa, ndipo chilango sichinachoke panyumba pake. Amene akufuna kutchula Davide avomerenso kukhala Natani. Za Koresi, mfumu ya ku Perisiya imene Yesaya 45 amaitcha wodzozedwa ngakhale sinkamudziwa Mulungu, kumbukirani kuti Ayuda sanaponye voti kuti alowe ufumu. Anali akapolo m'dziko la eni. Kuti Mulungu angagwiritse ntchito munthu aliyense sizitanthauza kuti inu, amene mwapatsidwa mwayi wosankha, mwamasulidwa ku udindo woyesa munthuyo. Ndime imene imayankhula kwa osankha ndi Eksodo 18:21, pamene Yetero analangiza Mose kuti asankhe anthu okhoza ntchito, oopa Mulungu, onena zoona, odana ndi chiphuphu. Onani kuti kukhoza ntchito kuli momwemo, ndipo kuopa Mulungu sikuli pakokha. Kwayenda limodzi ndi zinthu zooneka ndi maso.

Ndiye muyeso wanga ndi wotani? Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti khalidwe la mtsogoleri ndi nkhani ya m'banja ndi ya botolo. Zimenezo n'zofunika, pakuti munthu wozolowera kubisa amakhala wosavuta kumugwira pakhosi. Koma ndaphunzira kuti pa udindo waukulu funso lalikulu ndi ili: kodi munthuyu amachita chiyani pamene choonadi kapena lamulo likumudyera? Pamene khothi lamuletsa, pamene mavoti amukana, pamene mnzake wapamtima wagwidwa ndi katangale, amagonja kapena amathyola mpanda? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu amene sadziwa mawu akuti "ndaluza" kapena "ndinalakwa" mukamuika pampando, kumuchotsa kwake kumaswa mkhate womwewo.

Chitsanzo chabwino chili kwanu konko. Mike Pence ndi mwana wa ku Columbus, Indiana, anali bwanamkubwa wanu kuyambira 2013 mpaka 2017, ndipo ndi mmodzi mwa Akhristu osunga miyambo kwambiri amene anafikapo pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti. Pa 6 Januwale 2021, ali wachiwiri wa Trump amene anali atagonja pa chisankho cha 2020, anakakamizidwa kuti akane mavoti a zigawo zina. Anakana, n'kunena kuti lumbiro lake silimulola. Khamu linathyola nyumba ya malamulo, ena akufuula kuti apachikidwe, koma usiku womwewo anabwerera pampando wake n'kumaliza kuwerenga, kulengeza kuti mbali yake yagonja. Ku Georgia, Brad Raffensperger, wa Republican yemwe amayang'anira zisankho, anaimbiridwa foni ndi Trump pa 2 Januwale kuti apeze mavoti 11,780, ndipo anakana. Mukhoza kutsutsana ndi Pence pa mfundo zambiri, ndipo mwana wanu mwina amatsutsana naye pa zonse, koma tsiku limenelo chikhulupiriro chake chinamugwira dzanja kuti asachite choipa.

Ikani pambali pake Roy Moore wa ku Alabama. Ali mkulu wa oweruza m'chigawocho anaika chimwala chachikulu cholembedwa Malamulo Khumi m'nyumba ya khothi, ndipo khothi la boma lalikulu litalamula kuti achichotse, anakana. Anachotsedwa paudindo mu 2003. Anthu anamusankhanso, ndipo mu 2016 anaimitsidwanso chifukwa cholimbana ndi chigamulo cha Khothi Lalikulu pa maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Mu 2017, akupikisana pa mpando wa Senate, amayi angapo anamuneneza kuti ankawafuna ali atsikana aang'ono. Iye anakana zonsezo, koma analuza kwa Doug Jones m'chigawo chimene a Democratic sapambanamo kawirikawiri. Ine ngakhale nditaika pambali zonenezazo, chimene chimandiopsa ndi woweruza amene amati lamulo limamugwira pokhapokha akagwirizana nalo. Lero akana khothi m'dzina la Mulungu pa nkhani imene inu mukuikonda. Mawa wina adzakana khothi pa nkhani ya mapepala a m'bale wanu. Pence ndi Moore onse amatchula Yesu. Wina chikhulupiriro chinamumanga, wina chinamupatsa chilolezo. Mukamayesa munthu, yang'anani kuti chake chikumuchita chiti mwa ziwirizi.

Musaganizenso kuti kupemphera kokha kumapanga mtsogoleri wabwino. Carter anali munthu wolungama, anaphunzitsa Sande sukulu mpaka ukalamba ndipo anamwalira mu Disembala 2024 ali ndi zaka 100, koma mu ulamuliro wake mitengo ya zinthu inakwera koopsa ndipo anthu 52 a ku America anasungidwa ku Iran masiku 444. George W. Bush, Mkhristu wotchula chikhulupiriro chake poyera, mu 2003 anayambitsa PEPFAR, ndondomeko yolimbana ndi Edzi imene yapulumutsa anthu mamiliyoni ambiri mu Africa, kuphatikizapo ku Zambia, Mozambique ndi kwathu. Abusa ambiri a evangelical anamulimbikitsa pa zimenezo, ndipo ndimawayamika. Koma chaka chomwecho anayambitsanso nkhondo ya ku Iraq pa zifukwa zimene zinadzapezeka kuti sizinali zoona. Munthu mmodzi, Baibulo limodzi, chaka chimodzi. Ndipo pamene thandizo la America ku mayiko akunja linaimitsidwa mwadzidzidzi mu Januwale 2025, abale athu amene amalandira ma ARV ndiwo anagona ndi mantha. Ngati mumalemekeza moyo, Mayi, muli ndi ufulu wowerengera moyo wa mwana wosabadwa pamodzi ndi moyo wa mchemwali wanu wa ku Ntcheu, ndi wa gogo amene mukumusambitsa m'mawa uliwonse. Palibe chipani ku America chimene chanyamula zonsezi m'thumba limodzi. N'chifukwa chake Akhristu akuda a ku America, amene amapemphera mwakhama ngati wina aliyense, ambiri amavotera Democratic, ndipo m'busa wa tchalitchi cha Ebenezer Baptist ku Atlanta, Raphael Warnock, ndi senata wa chipani chimenecho. Kunena kuti onsewo si Akhristu enieni ndi mawu olemera kwambiri kuti munthu awanene paguwa.

Ife a kuno sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa zimenezi. Ku Zambia, Frederick Chiluba analengeza mu Disembala 1991 kuti dzikolo ndi lachikhristu, koma mu 2001 mipingo yomweyo ndi imene inaima nji kukana kuti asinthe malamulo n'kulamulira kachitatu. Kwathu mu 2020 tinasankha Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20. Mu 2025 anthu anamuyesa ndi mtengo wa chimanga ndi mizere ya mafuta, osati ndi maulaliki, ndipo atagonja anavomera. Kumbukiraninso kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992. Inagwedeza dziko chifukwa olembawo sanali m'thumba la chipani chilichonse. Mpingo ukangolowa m'thumba la wandale, pakamwa pake pamatsekeka.

Ndiye muchite chiyani? Tengani pepala, mulembe zinthu zimene simungalole kwa mtsogoleri, koma muzilembe musanaganize za dzina la munthu. Kenako dzifunseni kuti, akanachita zimenezi ndi wa chipani chinacho, ndikanati chiyani? Ngati yankho likusintha malinga ndi chipani, ndiye kuti sikelo yanu yapendekeka, ikonzeni. Siyanitsani mphekesera ndi zimene khothi lagamula kapena zimene munthuyo wanena yekha ndi pakamwa pake. Timauthenga ta pa WhatsApp si umboni. Timapepala tolangiza povota timene mungalandire kutchalitchi muwerenge, koma yang'anani pansi kuti talembedwa ndi ndani. Mwambo umenewu unafala ndi bungwe la Christian Coalition limene Pat Robertson anayambitsa mu 1989, ndipo amene amasankha mafunso ndiye amasankhanso yankho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Fufuzani mmene munthuyo anavotera pa malamulo, mmene amachitira ndi antchito ake, ndi zimene akunena anthu amene anagwira naye ntchito pafupi, makamaka a chipani chake chomwe.

Dziwaninso kuti pepala lovotera ku America ndi lalitali. Simukakamizidwa kuchonga chipani chimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mukhoza kusankha senata wa chipani china, woyang'anira apolisi a m'boma lanu wa chipani china, ndipo mpando umene mtima wanu wakana onse mukhoza kuusiya osachonga, mavoti enawo adzawerengedwabe. Ndipo malo amene khalidwe la munthu limasefedwa bwino ndi chisankho cha chipulula, chimene ku Indiana chimachitika mu Meyi. Kumeneko mungapeze anthu awiri ogwirizana nanu pa nkhani ya mimba, wina woona wina wabodza, ndipo anthu ovota amakhala ochepa, choncho voti yanu imalemera. Ambiri amadandaula mu Novembala kuti onse ndi oipa, chonsecho mu Meyi anali kunyumba.

Za abusa anu, musathamangire kuchoka pampingo. Pemphani nthawi yocheza nawo, mupite ndi amuna anu kapena ndi mayi wina wachikulire amene mumamukhulupirira. Afunseni mwaulemu funso limodzi: kodi pali chinthu chimene mtsogoleri wa mbali imene iwo akuikonda angachite, chimene chingawachititse kumudzudzula paguwa? Mvetserani bwino yankho lake. M'busa amene angatchule chinthucho ndi woti mungapitirize kukhala pansi pa chiphunzitso chake ngakhale musiyane povota. Koma ngati zifika poti mukuuzidwa kuti muonetse mmene mwavotera, kapena mukuopsezedwa kuti muchotsedwa pa mgonero kapena pa udindo, pitani kwa akuluakulu a mpingo wanu a pamwamba pa abusawo, ndipo kuopseza munthu pa nkhani ya voti mukhoza kukakunena ku ofesi ya zisankho. Voti yanu ndi yachinsinsi, ngakhale kwa amuna anu. Ngati nkhaniyi yayamba kulowetsa mphepo m'nyumba, pakati pa inu, bambo ndi mwana, musadikire kuti ifike posayankhulana. Pezani mlangizi wa mabanja kapena munthu wamkulu amene nonse mumamulemekeza. Ndaona mabanja a anthu athu ku America atasiya kudyera pamodzi pa Khirisimasi chifukwa cha andale amene sadziwa n'komwe mayina awo.

Chomaliza ndi cha mapepala, ndipo ichi musachitenge mopepuka. Kulumbira kukhala nzika sikutanthauza kuti dzina lanu lalowa kale m'kaundula wa ovota. Ku Indiana kalembera amatsekedwa kutatsala masiku 29 kuti chisankho chichitike, ndipo pokavota amafuna chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi chanu. Pitani ku ofesi ya zisankho ya m'boma lanu mukatsimikize kuti dzina ndi adiresi zili bwino. Simunandiuze ngati amuna anu nawonso analumbira. Ngati akadali ndi green card yokha, chiphaso chija chowalola kukhazikika ku America koma asali nzika, asayerekeze kulembetsa kapena kuvota, ngakhale wina atawapatsa fomu pakhomo la tchalitchi kapena potenga laisensi ya galimoto. Ndi mlandu umene ungawatsekere mwayi wokhala nzika ndi kuwabwezetsa kumudzi. Ngati anasainapo kale fomu yotere mosadziwa, aonane ndi loya wa nkhani za anthu olowa m'dziko asanalembe pempho lina lililonse ku boma.